Injini yofooka ndi yomisa: momwe mungagwiritsire ntchito mankhwala othira popanda kutaya ndalama

Galimoto ikayamba kunjenjemera ikaima, kulephera chitunda chimene inkakwera mosavuta, kapena kutsokomola mukaponda moto, ambiri amathamangira kogula botolo la mankhwala othira mu oilo kapena mu petulo. Pa mabotolowo pamalembedwa zokoma: kubwezeretsa kompuresheni (mphamvu imene pisitoni imapanikizira mpweya m'silinda), kuthetsa misifaya (kumisa, pamene petulo sakupsa bwino m'silinda ina), kuchepetsa utsi. Sikuti zonsezo ndi bodza ayi. Mankhwalawa amathandizadi, koma pamene vuto lake ndi litsiro. Chitsulo chimene chadyeka, valavu imene yapsa, gasiketi imene yaphulika, palibe botolo lingazibwezeretse. Choncho musanatsegule botolo, dziwani kaye chimene chikuvuta. Malangizowa ndi a injini ya petulo.

1. Yambani ndi moto

Misifaya yambiri siichokera ku kompuresheni. Imachokera ku pulagi yotha, koyilo (yopereka magetsi ku pulagi) yakufa kapena injekita (yopopera petulo) yotsekeka. Lumikizani kachipangizo kowerengera zolakwika ka OBD2. Nambala ya P0300 imatanthauza kuti injini ikumisa m'masilinda osiyanasiyana, pamene P0301 imaloza silinda yoyamba, P0302 yachiwiri, mpaka kumapeto. Ngati vuto lili pa silinda imodzi, sinthanitsani koyilo yake ndi ya silinda yoyandikana nayo. Vutolo likasamuka limodzi ndi koyiloyo, gulani koyilo, nkhani yatha.

Getsi la Check Engine likamathwanima m'malo mongoyaka, lekani kuyendetsa galimotoyo. Petulo wosapsa akupita mu ekizozi ndipo angawononge catalytic converter, chipangizo choyeretsa utsi chimene ndi chodula kuposa mankhwala onse amene mungagule.

2. Yezani kompuresheni

Apa ndiye pagona nkhani, ndipo ndi pamene ambiri amadumpha. Mufunika geji ya kompuresheni, sipanala ya mapulagi ndi munthu wokuthandizani kuliza sitata.

Lizani injini mpaka itenthe, kenako zimitsani. Chotsani fyuzi ya pampu ya petulo, masulani mawaya a makoyilo, ndipo chotsani mapulagi onse. Mangani geji pa bowo la pulagi yoyamba. Mnzanuyo aponde moto mpaka pansi ndi kuliza sitata kwa masekondi pafupifupi 5, kufikira muvi wa geji utasiya kukwera. Lembani nambalayo, nkupita pa silinda ina. Batire likhale lamphamvu, chifukwa lofooka limapereka manambala otsika onama.

Injini zambiri za petulo zabwinobwino zimaonetsa pakati pa 125 ndi 180 psi (muyezo wa pa gejiyo), ngakhale buku la galimoto yanu ndilo lingakuuzeni nambala yeniyeni. Chofunika kwambiri ndi kufanana kwa masilinda: asasiyane kupitirira 10 peresenti. Silinda imene ili pansi pa 100 psi ili ndi vuto ndithu.

Tsopano thirani sipuni yaing'ono imodzi ya oilo m'silinda yofookayo, muyezenso. Nambala ikakwera kwambiri, mpweya ukuthawira pa maring'i a pisitoni, poti oiloyo watseka mpata kwa kanthawi. Ikapanda kusintha, mpweya ukuthawira pa mavalavu kapena pa gasiketi ya hedi. Masilinda awiri oyandikana akatsika limodzi, makamaka ngati madzi a mu rediyeta akuchepa ndipo ekizozi ikutulutsa utsi woyera wosatha, ganizirani gasiketi. Pamenepo pitani ku galaja basi. Alipo mankhwala otseka gasiketi othira mu rediyeta, koma amangokugulirani nthawi, ndipo ena amatsekanso timipata ta rediyeta ndi ta hita.

3. Kompuresheni ili bwino koma ikumisabe

Ngati manambala ali bwino, mapulagi ndi makoyilo alinso bwino, mwina mainjekita ndiwo ada. Gulani mankhwala otsuka othira m'thanki, ndipo werengani kumbuyo kwa botolo ngati muli PEA, mankhwala amene amasungunuladi kaboni. Techron ya Chevron ndi SI-1 ya Red Line ndi zitsanzo zodziwika. Thirani thanki ili pafupi kutha, dzazani petulo pamlingo umene walembedwa, ndipo yendani ulendo wautali kuti injini itenthe mokwanira. Musayembekezere kusintha pa makilomita 10 oyamba. Dikirani thanki yonseyo ithe.

Dziwani kuti pa injini zimene zimapopera petulo mwachindunji m'silinda, monga D-4 ya Toyota kapena GDI ya Mitsubishi, mankhwala a m'thanki sakhudza kumsana kwa mavalavu olowetsa mpweya. Kaboni wa pamenepo amachotsedwa ndi makaniko.

4. Vuto lili pa maring'i

Maring'i amalephera m'njira ziwiri: kudyeka, kapena kumatirira m'timizere ta pisitoni chifukwa cha kaboni. Geji singasiyanitse ziwirizi. Koma galimoto imene yakhala ikuyenda timaulendo tifupitifupi, yosinthidwa oilo mochedwa, imene ikudya oilo ndi kutulutsa utsi wabuluu ngakhale makilomita ake sanachuluke, kawirikawiri maring'i ake angomatirira. Apa mpamene mankhwala ali ndi mwayi weniweni.

Njira yofewa ndiyo kutsuka injini. Tenthetsani injini, thirani mankhwala otsukira, monga Engine Flush ya Liqui Moly, pothirira oilo, nkuisiya ilire payokha kwa mphindi 10 mpaka 15 kapena monga botolo likunenera. Musaiyendetse, musapondenso moto, chifukwa oiloyo wasungunuka ndipo sakuteteza zitsulo mokwanira. Khuthulani oilo yense akadali wotentha, sinthani fyuluta, thirani watsopano. Musanachite izi suzumirani pothirira oilo. Mukaona phala lakuda lambiri, lekani, poti zinyalala zikasenduka nthawi imodzi zimatseka sefa ya pampu ya oilo ndipo injini imauma.

Njira yamphamvu ndiyo kuviika mapisitoni. Injini itazizira, chotsani mapulagi, thirani mankhwala osungunula kaboni pang'ono m'silinda iliyonse, nkusiya usiku wonse. M'mawa, mapulagi asanabwezeretsedwe, phimbani maboowo ndi nsanza nkuliza sitata kuti zotsala zituluke. Musaiwale zimenezi ngakhale mutafulumira chotani. Madzimadzi sapanikizika, ndipo akatsala m'silinda amapinda ndodo ya pisitoni. Sinthani oilo ndi fyuluta musanayende. Utsi wambiri pa mphindi zoyambirira usakuopseni.

5. Mankhwala olimbitsa oilo

Mabotolo ngati Lucas Oil Stabilizer ndi STP Oil Treatment amalimbitsa oilo kuti atseke mpata pakati pa maring'i ndi khoma la silinda. Utsi umachepa, phokoso limachepa, geji imatha kukwera pang'ono. Koma kuteroko nkuphimba chilonda ndi nsalu: mukasintha oilo zonse zimabwerera mwakale. Pa injini yakale yotopa imene mukufuna ikukokereni miyezi ingapo, palibe cholakwika. Pa injini za VVT-i (Toyota) kapena VTEC (Honda), zimene zimadalira oilo wopyapyala wodutsa m'timipata ting'onoting'ono, ine sindingalimbikitse. Ngati mwasankha kuthira, chepetsani kaye oilo kuti asapitirire mzere wapamwamba wa ndodo yoyezera, ndipo musasakanize mankhwala a mitundu iwiri.

6. Yezaninso

Mukayenda makilomita mazana angapo, fufutani manambala a zolakwika ndipo yezaninso kompuresheni monga poyamba paja, injini ili yotentha. Silinda yofookayo ikayandikira zinzake, maring'i amasuka, ndipo kuyambira pano muzisintha oilo pa nthawi yake. Ikakhala pompaja, botolo lachiwiri silisintha kanthu. Pemphani makaniko achite leak-down test, imene amapopera mpweya m'silinda nkumvetsera kumene ukutulukira: ku ekizozi, kolowera mpweya, pothirira oilo kapena mu rediyeta. Mukatero mudziwa ngati ntchito yake ndi ya hedi yokha kapena ndi yotsitsa injini yonse, musanagule chitsulo chilichonse.