Fani ya radiyeta ikasiya kuzungulira, musathamangire kugula mota

Mwezi wa Okutobala dzuwa likafika poswa mtengo, m'magalaja mumadzaza galimoto zowira madzi. Eni ake amadandaula zofanana: pa msewu wa M1 galimoto ikuyenda bwinobwino, muvi wa geji ya kutentha uli pakati, koma ikangolowa mu mdipiti wa mu Limbe kapena pa mlatho wa Lilongwe, muvi uja wayamba kukwera. Zikatero, yambani kukayikira fani. Galimoto ikamathamanga, mphepo yolowera kutsogolo imaziziritsa yokha radiyeta. Ikaima, ntchito yonse imatsalira fani.

Fani ya magetsi siyenera kuzungulira nthawi zonse. Imadzuka madzi akatentha kufika pa madigiri 90 mpaka 100, kutengera mtundu wa galimoto, ndipo akazizirako imaima. Moto wake umachoka ku batire, kudutsa pa fyuzi ndi pa relay (kabokosi kotsegula ndi kutseka njira ya moto), kenako kufika ku mota yozunguza fani. Choilamula kuti idzuke ndi switchi yomva kutentha imene imakhudza madzi, ndipo pa galimoto zina ndi sensa yotumiza uthenga ku kompyuta ya injini. Mota ndi yokwera mtengo kuposa fyuzi, relay ndi switchi, komabe ndi imene anthu amathamangira kugula asanaone zina.

Musanagwire kanthu, zimitsani injini ndi kuchotsa kiyi. Pa galimoto zina fani imadzuka yokha ngakhale kiyi ali m'thumba, choncho ngati mukulowetsa dzanja pa mapiko, masulani kaye waya wa negetivi pa batire. Chivindikiro cha radiyeta musachitsegule injini ili yotentha, nthunzi yake imasupula khungu.

Injini itazizira, onani madzi. Akachepa, switchi kapena sensa ija imatha kutsala pouma, osamva kutentha kwenikweni, fani n'kungokhala chete injini ikupsa. Madzi ali bwino, tsegulani bokosi la mafyuzi la mu boneti. Fyuzi ya fani imakhala yaikulu, kawirikawiri ya ma ampu 30 kapena 40, ndipo pa chivindikiro pamalembedwa malo ake. Ngati yapsa, ikani ya nambala yomweyo. Yatsopanoyo ikapsanso, ndiye kuti pali waya wosupuka wokhudza chitsulo, kapena mota yalimba ndipo ikukoka moto wambiri. Zomanga fyuzi ndi tiwaya ta mkuwa kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya zisiyeni, ndi zimene zimayatsa galimoto.

Relay njosavuta kuyesa. M'bokosi lomwelo mumapezeka ina yofanana nayo nambala ndi miyendo, monga ya hutala. Zisinthanitseni: fani ikayamba kudzuka injini itatentha, relay yakeyo ndiyo inafa. Ngati galimoto ili ndi AC yogwira ntchito, iyatseninso: pa galimoto zambiri fani imadzuka nthawi yomweyo, ndipo ikatero mwadziwa kuti mota ili moyo.

Tsopano mota. Zulani pulagi yake, mutenge mawaya awiri okhuthala, wina wokhala ndi fyuzi, muipatse moto kuchokera ku batire. Ikazungulira ndi mphamvu, vuto lili kwina. Ikakhala chete, igogodeni pang'ono ndi chigwiriro cha sikuludiraiva. Mota yodzuka ikamenyedwa yatha mabulashi (timakala topatsira moto m'kati mwake), ndipo kugogodako kudzakufikitsani kunyumba kokha, si mankhwala. Wa mawaya wodziwa ntchito amatha kuitsegula n'kuika mabulashi ena. Zunguzaninso mapiko ndi dzanja, moto mutachotsa. Akamalimba kapena kugwedera, mota yatha m'kati.

Pa switchi ndi pomwe ambiri amasokonezeka, chifukwa zilipo za mitundu iwiri. Pa ma Toyota ambiri akale, monga Corolla za m'zaka za m'ma 1990, mukazula pulagi ya switchi kiyi ali pa ON, fani imayamba kuzungulira. Anazikonza dala chotero kuti waya akaduka injini isapse. Pa galimoto zina kuzula sikuchita kanthu, mumayenera kulumikiza mabowo awiri a pulagi ndi kawaya. Fani ikadzuka mwa njira imeneyi koma osadzuka yokha injini itatentha, switchi ndiyo yafa. Chenjezo langa nali: ngati pulagiyo ikupita ku kompyuta ya injini, musailumikize mwachisawawa, pitani kwa wa mawaya.

Galimoto ikakalamba, mapulagi amachita dzimbiri lobiriwira, ndipo waya wa efi (wa negetivi) amene amamangidwa ku bodi amakhwepa chifukwa cha mabampu a misewu yathuyi. Kupala ndi sandipepa ndi kumanga bawuti kumadzutsa mafani ambiri amene anali ataweruzidwa kale kuti afa.

Mukagula mota yakale kwa ogulitsa masipeya, onetsetsani komwe ikukankhira mphepo. Mawaya akatembenuzidwa, fani imazungulira chobwerera, n'kumalimbana ndi mphepo ya pa msewu. Ikani pepala kutsogolo kwa radiyeta fani ikuzungulira. Likamamatira, zili bwino. Likamauluzika, sinthani mawaya.

Pali chizolowezi china chofala kwa amakaniko: kumanga fani dairekiti kuti izizungulira kiyi akangotembenuzidwa, kenako n'kuchotsanso thermostat (kachitseko kotsekera madzi opita ku radiyeta mpaka injini itatentha), ati kuno n'kotentha. Kumanga dairekiti ndi kothandiza mukafera panjira, mwachitsanzo mukukwera phiri lochoka ku Chikwawa kupita ku Blantyre, kuti mukafike. Koma kuisiya choncho miyezi n'kudzipweteka. Mota imatha msanga chifukwa sipuma, ndipo injini yopanda thermostat imachedwa kutentha, imamwa mafuta ambiri, imadyekanso m'kati, makamaka m'mawa wa mu Juni ku Dedza kapena ku Mzuzu. Choipa kwambiri n'chakuti ena amatenga motowo pa waya woonda wa kiyi, popanda relay kapena fyuzi. Ngati yanu munaigula itamangidwa kale chotere, gulani switchi, mubwezeretse mawaya mmene analili.

Muvi ukakwera muli pa mdipiti, zimitsani AC, tsegulani mawindo, yatsani hita mpaka kumapeto kuti ichotseko kutentha kwa injini, ndipo mupatuke pamalo oyamba amene mungaime. Ukafika pofiira, zimitsani injini pomwepo. Kukakamira kuti mufike pa galaja ndi kumene kumapsetsa gasiketi ndi kupinditsa hedi ya injini.