Musanasaine Galimoto Yothamanga Kuno ku Joni, Fananizani Motere

Abale ambiri a kwathu zikayamba kuwayendera kuno ku Joni amandifunsa kuti pakati pa Golf R, BMW M2, Mustang ndi Porsche Cayman, yothamanga kwambiri ndi iti. Funsoli ndimalimvetsa, poti nanenso magalimoto amenewa ndimawakonda kwabasi. Koma manambala a m'kabuku ka wogulitsa amanena za galimoto yatsopano, pamsewu wosalala, kufupi ndi nyanja. Inu mudzakhala nayo ku Randburg kapena ku Kempton Park, komwe kuli maenje, matalala ndi akuba. Ndiye ndikuuzeni mmene ine ndimafananizira, monga munthu amene anayendetsa Golf 7 R tsiku ndi tsiku ndipo pano ali ndi 718 Cayman yogula kwa wina.

Yambani ndi mpweya. Johannesburg ili pamalo okwera mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mpweya wa kuno ndi wopepuka. Injini yopanda turbo imangokoka mpweya umene yaupeza, choncho kuno imataya mphamvu pafupifupi 17 pa 100 iliyonse. Ya turbo imadzikankhira yokha mpweya mkati, ndiye imataya pang'ono chabe. Tengani Mustang 5.0 V8 ija ya 331 kW (kW ndi muyeso wa mphamvu ya injini). Ku Durban mphamvuyo ilipo yonse, koma pa N1 yathuyi mwatsala ndi 275 kW kapena cha pamenepo. Golf 8 R ili ndi 235 kW, ndi yopepukirapo, ndipo imakoka ndi matayala onse anayi. N'chifukwa chake pa maloboti mumaona kagalimoto ka zitseko zinayi kakusiya V8 m'mbuyo, mwini wake n'kudabwa.

Nkhani yomweyi ilinso m'banja la Porsche. Cayman GTS 4.0 ili ndi 294 kW popanda turbo, pomwe Cayman S ili ndi 257 kW ndi turbo. Papepala kusiyana n'kwakukulu, koma mukachotsa gawo la mpweya lija, ziwirizi zimayandikana kwambiri, ndipo S ndi yotsikirapo mtengo. Sindikunena kuti injini zopanda turbo muzipewe ayi. Amene anamvapo kulira kwa Mercedes C63 yakale ya 6.2, kapena BMW M3 ya V8 injini ikamazungulira mpaka ka 8,000 pa mphindi, akudziwa kuti pali chimene turbo singakupatseni. Ngati mukugula kulirako, gulani mukudziwa kuti ndi chimenecho mukulipira. Ndipo kaya mwasankha iti, pothira petulo nenani 95. Kuno kumtunda mapampu ali ndi 93 yotsikirapo mtengo, koma si ya magalimoto awa.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pamene ndalama zenizeni zimathera, ndi pulani ya sevisi. BMW yatsopano imabwera ndi Motorplan ya zaka 5 kapena makilomita 100,000. Audi ili ndi Freeway Plan yofanana nayo. Porsche ili ndi yake yotchedwa Driveplan. Pulani ikadalipo, sevisi ndi zokonza zambiri sizituluka m'thumba mwanu. Ikangotha, chilichonse ndi chanu: mabuleki, ma disc, klatchi, pampu ya madzi. Ndiye mukaona magalimoto awiri pa intaneti, ina yotchipa koma pulani inatha, ina yokwererako koma yatsala ndi zaka ziwiri, musathamangire yotchipayo. Imbani kwa ogulitsa ovomerezeka, apatseni nambala ya VIN (nambala ya chasisi ya galimotoyo), akuuzeni ngati pulaniyo ilipodi. Ena anaika chip kuti injini iwonjezere mphamvu, kenako n'kuichotsa pogulitsa. Kompyuta ya galimoto imasunga mbiri imeneyo, ndipo kampani ikazindikira imakana kulipira injini ikawonongeka.

Magalimoto akale, amene pulani inatha kalekale, aliyense ali ndi nthenda yake yodziwika. M3 ya V8 imadziwika ndi ma bearing a m'injini amene eni osamala amasintha asanagogode. Porsche 911 ya mtundu wa 996 ndi ma Boxster ndi Cayman oyambirira amadziwika ndi bearing ina ya m'injini yotchedwa IMS. Musanapite kukaona galimoto, funsani makaniko wodziwa mtundu umenewo kuti nthenda yake ndi iti, kenako funsani mwini malisiti osonyeza kuti anakonza. Mawu apakamwa si lisiti. Apa Toyota GR Supra ili ndi mwayi wake: injini yake ndi B58 ya BMW, yomwe ilinso mu Z4 ndi M340i, choncho amakaniko oidziwa ndi ambiri mu Gauteng.

Tsopano gwadani. Ndikunenetsa, gwadani pansi ndi tochi ya foni, ngakhale wogulitsa akuyang'aneni modabwa. Onani kunsi kwa bampala yakutsogolo. Mikwingwirima yoyera pa pulasitiki yakuda imakuuzani mmene mwini wake ankakwerera mahampu. Pindani chiwongolero mpaka kumapeto, lowetsani dzanja, sisitani tayala cha mkati. Magalimoto awa amadya tayala mkati pomwe kunja kukuoneka kwatsopano, ndipo nthawi zina chala chimakhudza waya. Yendetsaninso chala m'mphepete mwa rimu kumbuyo kwake kuti mumve ngati inapindika kapena kuwotcheredwa. Pambali pa tayala pali manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chimene linapangidwa. 2319 ndiye kuti sabata ya 23 m'chaka cha 2019, ndipo tayala lotero lakalamba ngakhale mizere ikadalipo.

Matayala amasiyanitsa magalimoto awa kuposa mmene ambiri amaganizira. M2 ya 2023 ili ndi 275/35 R19 kutsogolo ndi 285/30 R20 kumbuyo. Simungasinthanitse akutsogolo ndi akumbuyo kuti athere limodzi, ndipo akumbuyo, omwe amalandira 338 kW yonse, amatha msanga. Golf R ndi yofanana konsekonse. Nambala ya 30 ija ikutanthauza kuti mphira wapakati pa rimu ndi msewu ndi wochepa, ndiye dzenje limodzi lobisika m'madzi a mvula ya mu Januwale likhoza kutenga tayala ndi rimu nthawi imodzi. Musanasankhe, pitani pa shopu ya matayala mufunse mtengo wa anayi a galimoto iliyonse imene mukuiganizira, ndipo mufunsenso ngati alipo kapena amachita kuitanitsa.

Inshuwalansi funsani musanasaine, osati mutatenga kale makiyi. Perekani adiresi yeniyeni imene galimoto izigona, chifukwa mtengo umasintha malinga ndi dera komanso ngati pali galaja yokhoma. Magalimoto a VW, monga Golf R, amakondedwa kwambiri ndi akuba kuno poti zipangizo zake zili ndi msika, choncho musadabwe akakuuzani kuti muike tracker, mwinanso ziwiri. Funsani za excess, ndalama imene mumayamba mwalipira nokha pangozi. Funsaninso za matalala. Kuyambira Okutobala mpaka Malichi kumwamba kumatha kuda masana, ndipo bodi ya aluminiyamu, ngati ya Porsche, ikaponyedwa ndi matalala imadula kuwongola. Ngati kumene mumakhala galimoto imagona panja, nkhani ya Porsche iyambe yadikira.

Mapepala ndi achidule koma osalumpha. Ife obwera timafunika Traffic Register Number kuti galimoto ilembedwe m'dzina lathu. Onani ngati ndi code 2, yogwiritsidwapo ntchito, osati code 3, yomwe inaphwanyikiratu n'kumangidwanso. Ya code 3 banki ndi a inshuwalansi ambiri amaikana. Lipirani kuti iyesedwe ku DEKRA, kampani yoyesa magalimoto, kapena kwa makaniko wanu. Ndipo samalani ndi balloon: ngongole ya pamwezi imaoneka yopepuka, koma pamapeto pakukudikirani chimtolo chachikulu pa nthawi yomweyo imene pulani ya sevisi ikutha.

Poyesa galimoto, pemphani kuti muipeze isanalizidwe tsiku limenelo. Gwirani boneti, ikhale yozizira. Ikamalira koyamba tsegulani zenera mumvetsere kugogoda, ndipo wina aime kumbuyo aone mtundu wa utsi. Kenako musathamangire freeway. Pitani kumene mumakhaladi. Lowani nayo pageti la pa kompuleksi panu, muone ngati ikudutsa osakhula pansi kapena muyenera kulowa chammbali. Kwerani nayo kanjira kotsetsereka ka pamalo oimikapo magalimoto ku mall. Imani nayo mumzere wa pa M1 cha m'ma 5 koloko madzulo kuti mumve mmene giyabokosi imachitira poyenda pang'onopang'ono, poti ina imagwedeza ndipo ya manual imatopetsa mwendo. Ngati muli ndi mwana, tengani kampando kake mukayese. Cayman ili ndi mipando iwiri basi, ngakhale ili ndi mabuti awiri, kutsogolo ndi kumbuyo, poti injini ili pakati. Mustang ndi M2 zili ndi mipando yakumbuyo, koma munthu wamkulu sangakhalemo ulendo wautali, makamaka mu Mustang. Mayi a kunyumba akhale nawo poyesapo, chifukwa nawonso azikweramo.

Liwiro lenileni la magalimoto awa simungalione pamsewu wa aliyense, ndipo chonde musayese. Malire pa freeway ndi 120. Mukapitirira ndi makilomita oposa 40, si za chindapusa ayi, apolisi amakumangani n'kukaonekera kukhoti, ndipo kwa ife okhala ndi permit mlandu wotero umakatulukira pa police clearance. Malo ake alipo. Zwartkops, bwalo la mpikisano wa magalimoto kufupi ndi Centurion, imakhala ndi masiku amene munthu wamba amalowa ndi galimoto yake. Kyalami ku Midrand, kumene mpikisano wa Formula One unachitika komaliza mu 1993, nayonso imatsegulidwa pa zochitika zina. Kumeneko ndi kumene ndinamvetsa chifukwa chake anthu amalemekeza Cayman: pokhota imamvera dzanja ngati njinga yopepuka, pomwe magalimoto amphamvu kuposa iyo akulimbana ndi kulemera kwawo. Kumbukirani kuti inshuwalansi wamba siteteza galimoto ili pabwalo la mpikisano, ndipo mabuleki ndi matayala amatha mofulumira tsiku limenelo.

Funso lomaliza ndi lathu Amalawi: kodi mukufuna kupita nayo kumudzi pa Disembala? Njira ya Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza kapena Dedza ili ndi malo okumbika, ndipo ambiri mwa magalimoto awa alibe tayala la sipeya, amangokupatsani kabotolo komatira ndi kapampu. Tayala la 285/30 R20 likaphulika cha ku Tete mudzadikira nthawi yaitali. Ngati galimoto ikadali pangongole, pa boda adzafunanso kalata ya banki yokulolani kutuluka nayo, komanso ya a inshuwalansi.

Kwa munthu wa galimoto imodzi, wa banja, ine ndimati Golf R kapena Audi RS3, pulani ikadalipo, tracker ili mkati. Amene ali kale ndi bakkie kapena SUV yopitira kumudzi, ndipo akufuna ya Lamlungu m'mawa pa njira ya ku Hartbeespoort, ayese Cayman ndi M2 tsiku limodzi, motsatizana, pamsewu umodzi. Mustang ndimaisiyira amene akuti akailiza m'galaja, mtima wake umakhala m'malo, ndipo wawerengera kale petulo wake.