Kumaliza chofunda cha zigamba

Mukamaliza kulumikiza zigamba, sitani misoko yonse igone bwino, chifukwa msoko wotukumuka umathyola singano ya makina. Yalani nsalu yapansi, ipose yapamwamba ndi masentimita 10 mbali zonse, kenako thonje, zigambazo pamwamba. Bayani mapini motalikirana ngati chikhatho chanu.

Kusoka yambirani pakati kupita m'mphepete. Mukayambira kunja, nsalu yapansi imakwinyika pakati, ndipo kumasula ulusiwo n'kotopetsa zedi. Mukatha, dulani zotsala ngodya ziwongoke, mutseke m'mphepete ndi kansalu kamulifupi masentimita 6, kopinda pawiri.

Poyamba chatsopano, malaya akaunjika a ku Mupedzanhamo, msika wa ku Harare, amachita bwino, koma achapeni kaye, zitenje padera. Zina zimasuluka, zina zimafupika.