Kalabu yosamala zachilengedwe: kulibe alawansi, koma lowani

Ndikangotchula za kalabu pamsonkhano wa alimi kuno ku Nkhotakota, dzanja loyamba kukwezedwa limafunsa kuti, "Nanga kangachepe kalipo?" Ndineneretu: kulibe. Amene amalowa chifukwa cha alawansi, pofika mwezi wachiwiri amakhala atasowa kale.

Phindu lake limayambira ku nazale. Ntchitoyi timaiyamba cha mu Ogasiti kapena Seputembala: kusefa dothi, kusakaniza ndi mchenga komanso manyowa owolerana, kudzaza machubu, kenako kuthirira m'mawa ndi madzulo mpaka mvula itagwa. Munthu mmodzi kuthirira kumeneku kumamugonjetsa dzuwa la Okutobala likafika, koma pagulu mumachita kugawana masiku. Mumaphunziranso tinthu tooneka tating'ono. Njere ya msangu ili ndi khungu lolimba, ndiye musanafese muidule pang'ono m'mbali ndi chowengera zikhadabo kuti madzi alowe. Ambiri amafesa osaidula, nkumadandaula kuti mbewu ndi yakufa. Msanguwo ukakula umayoyola masamba m'dzinja, chimanga cha pansi pake chimapeza dzuwa ndi chonde nthawi imodzi. Nyengo yodzala mitengo ikatsegulidwa pa 15 Disembala, membala amakhala ndi mbande zake m'manja, osakagula.

Inu a m'mbali mwa mtsinje wa Bua, nkhaniyi ikukukhudzani kawiri. Mpasa amachoka kunyanja kukwera mtsinje kukaswana pa timiyala ta pansi pa madzi. Tikamalima mpaka m'gombe, dothi limakokoloka nkukwirira timiyala tija, ndiye nsombayo iikira kuti mazira? Nsungwi ndi mikuyu zimene kalabu imadzala m'mphepete ndi ndiwo za mawa za asodzi omwe.

Kwa oyandikana ndi nkhalango ya Nkhotakota, imene a bungwe losamalira nyama zakutchire la African Parks akuiyang'anira kuyambira 2015 ndipo analowetsamo njovu pafupifupi 500 zochokera ku Liwonde ndi Majete mu 2016 ndi 2017, gulu lokhazikika limamveka msanga likapita ndi dandaulo kapena pempho la maphunziro oweta njuchi. Uchi ndiye ndalama yoyamba imene makalabu ambiri amaigwira.

Polowa, yambirani kwa amfumu kapena komiti ya zachilengedwe ya m'mudzi, kapenanso mlangizi wa zankhalango. Musachite manyazi kupempha kuona buku la msungichuma, chifukwa makalabu ambiri amagwera pa ndalama za uchi zomwezi. Tsiku loyamba mubwere ndi khasu ndi keni.