AC ya galimoto ikasiya kuziziritsa: zoyenera kuona musanathire gasi

Imikani galimoto pamalo athyathyathya, kokani handibuleki, lizani injini. Yatsani AC, muiike pozizira kwambiri, fani ili pa liwiro lomaliza, ndipo dikirani mphindi zisanu. Zonse zikakhala bwino, mphepo yotuluka pakati pa dashibodi imatsika kufika madigiri 5 mpaka 10, ngakhale kuti kunja kukatentha kwambiri imakwererako pang'ono.

Yambani ndi mphamvu ya mphepoyo. Ikamatuluka yozizira koma yofooka, gasi alibe mlandu. Kawirikawiri ndi fyuluta ya m'kati imene yatsekeka ndi fumbi ndi masamba. Pa galimoto zambiri imakhala kuseri kwa kabokosi kosungiramo zinthu, kutsogolo kwa mpando wa pasenja. Itulutseni, muiyang'ane poilozetsa kudzuwa. Kuwala kukapanda kudutsa, ikani ina. Ya pepala sachapa. Fani ikamagwira pa liwiro lomaliza lokha, chafa ndi resistor yake, kachipangizo kochepetsa magetsi kuti fani iziyenda pang'onopang'ono. Ikangoti zii, onani fyuzi.

Ngati mphepo ndi yamphamvu koma yotentha, tsegulani boneti ndipo pezani kompresa, pampu yoyendetsedwa ndi lamba wa injini. Wina akhale m'kati azidina batani la AC, inu mukuyang'ana. Muyenera kumva kaphokoso kakuti "tha", ndipo chitsulo chapakati pa gudumu la kompresa chiyambe kuzungulira limodzi ndi gudumulo. Imeneyo ndi klachi, imagwira ndi maginito. Manja, malaya ndi tsitsi zikhale kutali ndi lamba, ndipo kumbukirani kuti fani ya magetsi ya pa radiyeta imatha kudzuka yokha ngakhale injini itazima. Galimoto zina zatsopano zili ndi kompresa yopanda klachi yotere, choncho musadandaule mukapanda kumva kanthu.

Klachi ikakana kugwira, onani fyuzi ndi relay ya AC (kaswitchi kotumiza magetsi ku klachi) m'bokosi la mafyuzi. Relay mungaisinthanitse ndi ina yofanana nambala, monga ya hutala, kuti muone ngati vuto lisamuke. Zikakhala zabwino, mwina gasi wachepa. Pali kaswitchi koyeza mphamvu ya gasi m'mapaipi kamene kamadula magetsi a kompresa gasi akatsika kwambiri. Amakanika ena amakalumphitsa ndi kawaya kuti kompresa izungulire basi. Musalole zimenezo kupitirira masekondi ochepa oyesera. Mafuta a kompresa amayenda pamodzi ndi gasi. Gasi akasowa, kompresa imazungulira youma mpaka kudyeka, ndipo tizitsulo take timamwazikira m'mapaipi onse.

Apa ndi pamene ambiri amataya ndalama. Gasi wa AC satha ngati petulo. Amangozungulira m'njira yotsekeka, kotero akachepa ndiye kuti pali pamene akutulukira. Kuthira wina osapeza bowo n'kutungira madzi m'dengu. Yang'anani molumikizira mapaipi, pakamwa pa kompresa, ndi pa kondensa, chija chooneka ngati radiyeta yopyapyala chimene chili kutsogolo kwenikweni, kumene timiyala ta pamsewu timachimenya. Pamene pakudontha pamakhala banga lamafuta lomatirira fumbi lakuda. Bowo likabisala, makanika amathira utoto wowala ndi nyali ya UV, kapena amapopera nayitrojeni n'kuona ngati geji ikutsika. Malo ovuta kwambiri ndi evaporeta, chipangizo choziziritsa mphepo chimene chili m'kati mwa dashibodi. Kuifikira nthawi zambiri kumafuna kumasula dashibodi yonse.

Musanathire gasi, werengani kachikwangwani kali pansi pa boneti. Kamatchula mtundu wa gasi ndi kulemera kwake m'magalamu. Galimoto zambiri kuyambira m'ma 1990 zimagwiritsa ntchito R134a, zakale kwambiri zinali ndi R12 amene analetsedwa chifukwa chowononga ozoni, ndipo zatsopano zambiri zili ndi R1234yf. Musawasakanize. Musalolenso gasi wophikira, ngakhale wina akulonjezeni kuti amazizira bwino: amayaka moto, ndipo mapaipi a AC amadutsa pafupi ndi miyendo yanu. Gasi amathiridwa poyeza pa sikelo, osati pongogwira paipi ndi dzanja. Wochuluka amawononga ngati wochepa yemwe. Mapaipi akatsegulidwa, ayenera kuyamba akokedwa mpweya ndi chinyezi ndi pampu kwa mphindi pafupifupi 30, ndipo kabotolo koumitsa chinyezi kasinthidwe. Ine zitini za mankhwala othira m'mapaipi zoti zimamata mabowo zokha sindizikhulupirira. Zimatha kutseka valavu ndi makina a makanika omwe.

Valani magalasi ndi magolovesi. R134a amawira pa madigiri pafupifupi 26 pansi pa ziro, ndipo akakuthirani pakhungu kapena m'maso amawotcha ndi kuzizira. Ngati galimoto ndi hybrid kapena yamagetsi, mawaya a mtundu wa olenji opita ku kompresa musawakhudze n'komwe, ndipo mafuta a kompresa yake ndi apadera.

AC imene imazizira mukamathamanga koma n'kutentha mukaima, gasi wake mwina ali bwinobwino. Onani ngati fani ya kondensa ikuzungulira, ndipo tsukani matope ndi tizilombo pa kondensayo ndi madzi osathamanga kwambiri, kuopa kupinda timapiko take. Imene imazizira kenako mphepo n'kumachepa mpaka mutaizimitsa kanthawi, evaporeta yake ikuundana ayezi.

Madzi oyera odontha pansi pa galimoto AC ili yoyaka si vuto. Vuto ndi pamene sakudontha, kapeti wa mbali ya pasenja n'kunyowa ndi kununkha nkhungu: kapaipi kotayira madzi katsekeka, kazibuleni ndi kawaya kofewa. M'miyezi yozizira muziyatsabe AC kwa mphindi 10 sabata iliyonse, kuti mafuta afike pa timphira totseka molumikizira tisaume n'kuyamba kutaya gasi.