Kavalidwe ka kampango ka m'thumba la jekete

Jekete la suti limasokedwa ndi thumba laling'ono kumanzere kwa chifuwa, ndipo mukayang'ana amuna amene amatuluka m'maofesi a mu Cairo Road ku Lusaka nthawi ya nkhomaliro mudzaona kuti ambiri amalisiya lopanda kanthu, pamene ena amalidzaza ndi zolembera, magalasi ngakhalenso foni mpaka jekete kupendekera mbali imodzi. Thumbalo ndi malo a kampango kokongoletsa, kamene ogulitsa m'masitolo a ku Manda Hill ndi ku East Park amakatchula kuti pocket square. Kampangoka n'kotsika mtengo poyerekeza ndi nsapato kapena tayi, koma kamakhala pafupi ndi nkhope, choncho munthu amene mukulankhula naye amakaona msanga, ndipo kakasankhidwa molakwika kamanyazitsa suti yonse. Mfundo yotsogolera zonse ndi yakuti kampango kamasankhidwa pomalizira, mutavala kale malaya, tayi ndi jekete, ndiponso mutadziwa kumene mukupita.

Mwamuna wovala suti ayenera kunyamula mipango iwiri yosiyana ntchito. Anthu a m'dziko muno amakumbukira bwino mpango woyera wa a Kenneth Kaunda, amene analamulira Zambia kuyambira 1964 mpaka 1991. Mpango umenewo unkakhala m'dzanja lawo, ankaukupiza polonjera khamu la anthu, ndipo nthawi zina ankapukutira misozi. Wa m'thumba la pachifuwa ndi wongoonetsa basi. Kusiyana kumeneku kunakhazikika kwambiri pamene timapepala ta Kleenex, timene tinayamba kugulitsidwa ku America mu 1924, tinalanda ntchito ya mpango wansalu, moti wa pachifuwa unatsala wongokometsera chovala. Mu Okutobala, dzuwa likamaswa mtengo ndipo munthu akamatuluka thukuta m'minibasi asanafike n'komwe kuntchito, mpango wathonje wopukutira nkhope uzikhala m'thumba la buluku kapena m'thumba la m'kati mwa jekete. Silika akakhudzana ndi thukuta amathimbirira, ndipo kampango kamene kasololedwa n'kubwezedwa mofulumira sikakhalanso bwino.

Musanagule chilichonse, pisani zala m'thumba la jekete lanu. Jekete latsopano nthawi zambiri limabwera thumba lili lotsekedwa ndi ulusi wosokedwa motalikirana, kuti lisayasame pamene lili m'sitolo. Ulusiwo umadulidwa mosamala ndi lezala kapena ndi kachitsulo komasulira ulusi kamene atelala amakhala nako, kuyambira pakati kupita m'mbali, ndipo simuyenera kukoka ndi mphamvu chifukwa ngodya za thumba zimang'ambika msanga. Majekete ena otchipa ali ndi thumba longonamizira, kansalu kosokerera pamwamba popanda malo m'kati, ndipo mungalizindikire pokhudza kumbuyo kwake. Ngati jekete mwalipeza pa salaula, pogulitsira zovala zovalidwapo kale, ku Soweto Market, onetsetsani kuti pansi pa thumba sipanabooke, apo ayi kampango kadzatsetserekera m'kati mwa jekete n'kukapezeka m'chiuno.

Nsalu ndiyo imalamula kukula kwa kampango ndi kapindidwe kake. Silika ndi woterera ndiponso wopyapyala, choncho amafunika kukhala wamkulu, masentimita 38 mpaka 42 mbali iliyonse, kuti adzaze thumba ndi kugwira. Wocheperapo amamira munthu akangoyenda pang'ono. Lineni ndi thonje zimaima zokha, ndipo masentimita 28 mpaka 33 amakwanira. Zikaposa pamenepo chifuwa chimatukuka ngati mwabisamo chitumbuwa. Kampango kaubweya kamayenera majekete okhuthala a mu Juni ndi Julayi, Lusaka kukazizira. Poliyesitala, amene amapezeka kwambiri m'timabokosi tokhala ndi tayi ndi mabatani a m'mikono, amanyezimira mopitirira ndipo sagwira mapindo, ngakhale kuti wosanyezimira kwambiri angagwiritsidwe ntchito. Silika wotchuka amadindidwa ku Como m'dziko la Italy ndi ku Macclesfield ku England, pamene lineni wodziwika ndi wa ku Ireland, koma palibe chifukwa choitanitsira kutali chotero. Pa milu ya salaula pamapezeka masikafu a amayi a silika weniweni, ndipo telala waluso angadule sikafu imodzi n'kutulutsamo kampango kabwino pamtengo wochepa.

Potuma telala, nkhani yaikulu ndi m'mphepete. Kampango kabwino kamakhala ndi m'mphepete mokulungidwa ndi zala n'kusokedwa ndi singano yapamanja, moti mumaoneka mozungulira ngati kachingwe kakang'ono. Makina amasoka mpendero wophwatalala ndi wotakata, umene umaoneka ngati wa nsalu ya pathebulo. Ntchito yapamanja imatenga nthawi ndipo telala adzakulipiritsani zochulukirapo, koma m'mphepetemo ndi mmene mumaonekera kunja kwa thumba. Amene akugula koyamba ayambe ndi kampango koyera ka lineni kapena thonje, chifukwa kamagwirizana ndi suti ya mtundu uliwonse ndipo kamaloledwa kuofesi, kutchalitchi, kuukwati ndi kumaliro komwe.

Kapindidwe kosavuta ndiponso kaulemu kuposa onse ndi kophwatalala. Yalani kampango pathebulo, kapindeni m'litali kawiri kapena katatu mpaka m'lifupi mwake mufanane ndi kukamwa kwa thumba, kumene pa majekete ambiri kumakhala pafupifupi masentimita 10. Kenaka pindani mbali ya m'munsi kubwerera m'mwamba, koma isafike kumapeto, kuti kutalika konse kupose kuya kwa thumba pang'ono chabe. Lowetsani mbali yopindidwayo pansi, ndipo kunja kutsale kamzere koyera ka sentimita imodzi kapena imodzi ndi theka, kotsatira kupendekeka kwa thumba. Ngati thumba ndi lakuya moti kampango kakumira, ikani pansi pake kapepala kofewa kopindidwa m'malo mokakokera m'mwamba mphindi iliyonse pamaso pa anthu.

Kapindidwe ka nsonga kamayenera lineni ndi thonje zositidwa bwino. Pindani kampango kuchokera ngodya ina kufika ngodya yoyang'anizana nayo kuti pakhale mbali zitatu, nsonga itayang'ana m'mwamba. Bweretsani ngodya ya kumanzere ndi ya kumanja pakati mpaka m'lifupi mukwane thumba, pindani m'munsi ngati n'kofunika, ndipo lowetsani mapindowo atayang'ana kuchifuwa kwanu kuti kunja kuoneke kosalala. Mukafuna nsonga ziwiri, popinda koyamba musalunjikitse ngodya pa inzake, koma muiphonyetse pang'ono kuti ziime mogundizana. Pali kapindidwe ka nsonga zitatu ngakhalenso zinayi, koma m'kuona kwanga zimenezo zimasonyeza kuti munthu wataya nthawi yaitali pagalasi, ndipo zimakhala bwino pa mkwati yekha.

Silika safuna mapindo akuthwa, amafuna kutukusidwa. Yalani kampango, katsineni pakati ndi zala ziwiri n'kukanyamula kuti ngodya zonse zinayi zilendewere pansi. Ndi dzanja linalo pangani mphete ya chala chachikulu ndi cholozera, dutsitsanimo kampango kuyambira pamwamba mpaka pakati, kenaka pindirani ngodya zolendewerazo kumbuyo n'kulowetsa m'thumba, mbali yotukuka ili pamwamba. Mukatero konzani pang'ono ndi chala kuti kadzaze kukamwa konse kwa thumba, ndipo mukasiye. Sikayenera kufanana mbali zonse, ndipo kakasuntha masana palibe chimene chalakwika. Ena amakatembenuza kuti ngodya ndizo zituluke m'mwamba, zimene zimakhala bwino paphwando la madzulo kusiyana ndi pamsonkhano wa kuntchito.

Pa nkhani ya mitundu ndi pamene amuna ambiri amaphonya, ndipo chimene chimawasocheretsa ndi timabokosi tija togulitsidwa tayi ndi kampango za nsalu imodzi. Munthu akavala ziwirizo pamodzi, diso limaona zidutswa ziwiri zofanana zitayandikana ndipo limazindikira kuti anasankha ndi wogulitsa. Bokosilo mungagule ndithu, koma tayiyo muzivala tsiku lina, kampangoko tsiku linanso. Njira yabwino ndi kuyang'ana mtundu waung'ono umene uli pa tayi kapena pa malaya, n'kusankha kampango kamene kakuubwereza. Tiyerekeze kuti mwavala suti yabuluu woderako, malaya oyera ndi tayi yofiira moderako yokhala ndi timadontho tabuluu wowala. Kampango kofiira kangachulukitse kufiira, pamene kabuluu wowala, kapena koyera kokhala ndi mzere wabuluu m'mphepete, kamatola timadontho tija n'kumangiriza chovala chonse. Pa suti yotuwa ndi malaya abuluu wowala ndi tayi yabuluu woderako, buluu wakwana kale, choncho kampango kangakhale koyera kapena kokhala ndi mtundu wofunda monga walalanje wosawala kwambiri. Jekete lakhofi limalandira bwino kampango kobiriwira moderako kapena kachikasu kozimiririka. Suti yakuda imafuna koyera, ndipo mitundu yowala kwambiri pa suti yakuda imachititsa munthu kuoneka ngati wa gulu loimba. Kumbukiraninso kuti kampango kayenera kusiyana ndi jekete lenilenilo, chifukwa kabuluu woderako pa jekete labuluu woderako sikaoneka n'komwe.

Zojambula za pansalu zimatsatira lamulo la kukula. Tayi ikakhala ya mizere ikuluikulu, kampango kakhale ka timadontho ting'onoting'ono kapena kopanda chojambula. Malaya akakhala a timizere tothithikana, kampango kangakhale ka maluwa okulirapo. Mizere ndi mizere yofanana kukula, kapena timabokosi pa malaya ndi timabokosi pa kampango, zimalimbana. Amene sanazolowere asapitirire zovala ziwiri zokhala ndi zojambula pa zinayi zija, jekete, malaya, tayi ndi kampango. Kunyezimira nakonso kuganiziridwe: tayi ya silika yonyezimira imakhala bwino ndi lineni wosanyezimira, ndipo jekete laubweya lokhakhala limakongola ndi silika wosalala. Poyerekeza mitundu imani pawindo kapena tulukani panja, popeza magetsi a m'masitolo amasintha maonekedwe a buluu ndi zofiira.

Chitenge chimapanga timipango tokongola, koma chili ndi mavuto ake. Zojambula za chitenge zinakonzedwa kuti zioneke pa nsalu ya mamita awiri, pamene pa kampango chimaoneka ndi kachigawo kosaposa zala ziwiri. Duwa lalikulu limene linakukopani ku msika wa Kamwala lingasanduke banga losadziwika likafika m'thumba. Choncho sankhani chitenge cha zojambula zing'onozing'ono zobwerezabwereza, kapena boolani pepala kukula kwa kampango n'kuliyendetsa pansalu mpaka mutapeza malo amene mitundu yakumana bwino, ndipo telala adule pamenepo. Chitenge chatsopano chimakhala cholimba, choncho chichapidwe chisanadulidwe, ndipo muchipake kansalu koyera konyowa kuti muone ngati chikusuluka, chifukwa utoto ukalowa m'jekete lowala suchoka mosavuta. Popeza nsaluyi ndi yokhuthala, masentimita 25 mpaka 28 amakwanira, ndipo kapindidwe kophwatalala kapena ka nsonga imodzi ndiko koyenera. Tayi ikhale ya mtundu umodzi, kapena isakhalepo n'komwe. Pa 24 Okutobala, tsiku lokumbukira ufulu wa 1964, kampango kokhala ndi mitundu ya mbendera, wobiriwira, wofiira, wakuda ndi walalanje, kamakwanira pakokha popanda kuwonjeza tayi ya mitundu yomweyo. Ndipo ngati akazi anu asoketsa diresi la chitenge la kuukwati, pemphani telala asunge chidutswa chotsala, popeza kufanana kwa kampango ndi diresi la mayi wapanyumba anthu amakuyamikira.

Ukwati ndi malo okhawo amene lamulo losafananitsa tayi ndi kampango lingaphwanyidwe. Anyamata operekeza mkwati amavala mtundu umene akomiti asankha, ndipo kufananako n'kumene kumasonyeza kuti ndi gulu limodzi polowa m'holo akuvina. Mkwati mwini asiyane nawo povala kampango koyera, ndipo ngati pakolala ya jekete pali duwa, kampango kapindidwe mophwatalala kuti ziwirizo zisapikisane. Kumaliro, kaya ndi kumanda a ku Leopards Hill kapena a ku Chingwere, valani koyera kophwatalala, kakuda, kapena siyani thumba lopanda kanthu. Pokayesedwa ntchito ndi kukhoti, koyera kophwatalala ndiko kotetezeka. Jekete lovala popanda tayi Lachisanu limapindula kwambiri ndi kampango ka mitundu, chifukwa ndiko kokha kamene kakukometsa chifuwa. Suti ya safari, imene ambiri amaitchula ndi dzina la a Kaunda, ili ndi matumba okhala ndi zivundikiro ndipo siikidwa kampango, chimodzimodzinso thumba la malaya.

Mukafika kunyumba, solorani kampango, kafunyululeni n'kukasunga koyala m'dirowa, chifukwa mapindo akakhalitsa amasiya mizere yovuta kuchotsa, ndipo kampango koiwalidwa m'thumba kamatayika jekete likapita kochapitsa. Lineni ndi thonje zimachapidwa pamanja ndi sopo wochepa ndipo zimasitidwa zikadali zonyowa pang'ono, ndi simbi yotentha. Silika amasitidwa kumbuyo kwake ndi moto wochepa, mutayala nsalu yathonje pamwamba, ndipo simbi isaponde m'mphepete mokulungidwa muja kuti musaphwatalale. Magetsi akazima ndipo mwatsala ndi simbi yamakala, sitani lineni wokha, silika mumutukuse mmene alili, popeza kapindidwe kotukusa kamabisa makwinya. Mafuta onunkhira poperani pathupi musanavale jekete, chifukwa akagwera pa silika amasiya mawanga.