Momwe mungaikire swichi yowonjezera pa handulo ya njinga yamoto popanda kusokoneza buleki ndi moto

Pa siteji za kabaza, kaya ku Area 25 mu Lilongwe kapena ku Ndirande mu Blantyre, n'kovuta kupeza njinga yamoto yomwe handulo yake idakali momwe inachokera ku fakitale. Uyu waika magetsi awiri owonjezera kuti aziona maenje usiku, uyo waika hutala ya galimoto, winanso potchajira foni. Zifukwa zake n'zomveka, pakuti nyali ya njinga yaing'ono siunikira patali pa msewu wafumbi wopanda magetsi. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi malo omwe maswichiwa amamangidwa komanso momwe mawaya ake amadutsira. Swichi yotsika mtengo ikamangidwa pamalo olakwika imatha kuchedwetsa dzanja kufika pa buleki, ndipo pa njingapo pamakhala anthu awiri.

Choyamba, dziwani ntchito ya dzanja lililonse

Njinga za magiya za masiku ano, kaya Bajaj Boxer, TVS, Lifan, Honda kapena Yamaha, zimatsata dongosolo limodzi. Dzanja lamanja limapatsa moto ndi kugwira buleki ya kutsogolo. Kumeneko kulinso batani lolizira injini, ndipo pa njinga zambiri pali swichi yofiira yozimitsira injini. Dzanja lamanzere ndi la kilachi, hutala, maindiketa ndi kukweza kapena kutsitsa nyali. Kale fakitale iliyonse inkachita zake, moti njinga zambiri za ku Britain zinkasinthira magiya kuphazi lamanja, kufikira m'zaka za m'ma 1970 pomwe malamulo a ku America anakakamiza opanga njinga kufananitsa zinthuzi. Anatero chifukwa mwana akathamangira mumsewu mwadzidzidzi, woyendetsa sapeza nthawi yoganiza. Dzanja limangopita pomwe linazolowera.

Ndiye chilichonse chowonjezera chipite kumanzere. Buleki ya kutsogolo ndi yomwe imagwira ntchito yaikulu poimitsa njinga, choncho dzanja lamanja lisapatsidwe ntchito ina. Musachotsenso swichi yofiira ija kuti mupeze malo. Njinga ikagwa moto utakanirira, swichi imeneyo ndi yomwe imaimitsa tayala lomwe likupalasa pafupi ndi mwendo wa wokwera.

Sankhani swichi yoyenera

Handulo za njinga zing'onozing'ono zambiri n'zonenepa mamilimita 22, ndipo maswichi omangira pa muyeso umenewu amapezeka m'mashopu a masipeya. Swichi ya pakhoma la nyumba isiyeni. Inapangidwira magetsi a mtundu wina, ndipo siteteza ku mvula kapena fumbi. Swichi ya kamtengo kotalika nayonso ndi yoipa: imakola mkono wa jekete, imayaka yokha katundu akaigunda, ndipo mukagwa imabaya.

Hutala imafuna batani lomwe limabwerera lokha mukalisiya. Magetsi amafuna swichi yomwe imakhala pomwe mwaiika ndipo imamveka kuti "thapu" pansi pa chala, ngakhale mutavala magolovesi, kuti musamayang'ane pansi pofuna kudziwa ngati yayaka. Pa nkhani ya chikombole chake pali kusankha. Cha pulasitiki n'chotchipa ndipo sichidutsa magetsi, koma dzuwa la mu October limachiumitsa mpaka kusweka. Cha aluminiyamu chimakhalitsa, koma waya akasupuka mkati n'kukhudza chitsulocho, fyuzi imapsa pompo. Ine ndingasankhe cha aluminiyamu chokhala ndi labala pomwe waya amatulukira.

Pezani malo ake musanamange

Apa ndi pofunika kuchedwapo. Khalani pa njinga monga mumakhalira mukamayenda, gwirani chogwirira chakumanzere, zala ziwiri kapena zinayi zili pa kilachi. Tambasulani chala chachikulu popanda kumasula dzanja. Pomwe chafika ndi pomwe swichi ikuyenera kukhala. Mukaiyandikiza kwambiri, muziigunda mwangozi pofuna kuliza hutala kapena kuyatsa indiketa. Mukaitalikitsa, muzisiya chogwirira kuti muifikire, ndipo pa msewu wa mabampu kusiya chogwirira ngakhale kamphindi n'kokwanira kuti tayala la kutsogolo likhote lokha.

Malo pa handulo ndi ochepa, ndiye ganizirani chomwe mumagwiritsa ntchito njinga ikuyenda. Hutala ndi indiketa zikhale pafupi kwambiri ndi chala. Swichi ya magetsi owonjezera ibwere pambuyo pake. Potchajira foni sipafunika kukhala pafupi ndi dzanja ayi. Paikeni pakati, pafupi ndi pa kiyi, chifukwa foni imalumikizidwa njinga itaima.

Amakaniko ena amasunthira chomangira kilachi mkati kuti swichi ilowe pakati. Kusuntha pang'ono kulibe vuto, koma mukapitirira zala zimayamba kugwira kunsonga kwa liva ndipo zimapulumuka mvula ikagwa. Yang'ananinso kuti liva ikakokedwa mpaka kumapeto isagunde swichi yatsopanoyo.

Musaboole handulo. Maswichi a ku fakitale amakhala ndi kachikhomo kolowa m'kabowo kamodzi kuti asamazungulire, koma kabowoko kali pamalo omwe anayezedwa. Bowo lina, makamaka pafupi ndi pomwe handulo imamangidwa pakati, limasanduka poyambira mng'alu, ndipo mng'alu wa mu chitsulo umakula mwakachetechete ngati chiswe mu mtanda wa denga. Kuwotcherera kachitsulo pa handulo kumafooketsanso paipiyo. Ngati swichi ikuzungulira, kulungani kachidutswa ka chubu chakale pansi pa chomangira chake n'kumanganso.

Werengerani mphamvu, kenako lumikizani mawaya

Njinga zimenezi zimayendera ma volt 12. Tengani ma watt a chinthu chomwe mukuika, muwagawe ndi 12, mupeza ma amp. Magetsi awiri a LED a ma watt 18 lililonse ndi ma watt 36, kutanthauza ma amp 3. Fyuzi ya ma amp 5 ndi yokwanira, ndipo waya wa 1 mm² anyamula bwinobwino. Fyuziyo ikhale pafupi ndi batire, chifukwa gawo la waya lomwe lili pakati pa batire ndi fyuzi silitetezedwa, ndipo mawayawa amadutsa pansi pa thanki ya petulo. Fyuzi ikapsa, musalowetse waya kapena pepala lonyezimira m'malo mwake. Fufuzani chomwe chaipsereza.

Kumbukiraninso kuti koyilo ya njinga ya 100cc kapena 150cc imapanga magetsi ochepa ndipo batire lake ndi laling'ono. Mukaunjika magetsi, hutala yaikulu ndi wailesi, m'mawa mudzadalira kiki. Pa njinga zina nyali ya kutsogolo imalandira magetsi kuchokera ku injini mwachindunji. Muidziwa chifukwa imawala kwambiri mukapatsa moto n'kuzilala mukachepetsa. Musatenge magetsi pa waya wa nyali yotereyi.

Njira yabwino ndi kugwiritsa ntchito rilei, kabokosi ka miyendo inayi komwe manambala ake analembedwa pansi. Mwendo wa 30 umapita ku batire kudzera pa fyuzi. Wa 87 umapita ku magetsi kapena hutala. Wa 85 umapita ku chitsulo cha njinga kapena ku negetivu ya batire. Wa 86 umachokera ku swichi yanu, ndipo swichiyo itenge magetsi pa waya yemwe amakhala ndi moto pokhapokha kiyi atatsegulidwa. Ubwino wake ndi uwiri: pa handulo pamadutsa magetsi ochepa kwambiri, swichi siitentha, ndiponso mukachotsa kiyi zonse zimazima, ngakhale mwana ataseweretsa swichi njinga itaima. Musanayambe kulumikiza, masulani waya wa negetivu pa batire.

Kupotokola mawaya awiri n'kukulunga selotepu sikukhalitsa pa njinga, chifukwa kunjenjemera kumamasula ndipo madzi amalowa. Gwiritsani ntchito timapulagi tofinyira, kapena lumikizani ndi mtovu n'kuphimba ndi kachubu kofota ndi kutentha.

Yesani handulo mbali zonse ziwiri

Dutsitsani waya watsopano motsatira mtolo wa mawaya akale, ndipo musiye mpata pakhosi pa njinga pomwe handulo imazungulirira. Musamumangirire pa kebulo ya moto kapena pa paipi ya buleki. Mukamaliza, imikani njinga pa sitandi yapakati, ikani pa fulii, lizani injini. Khotetsani handulo mpaka kumapeto kumanja, kenako kumanzere. Kulira kwa injini kusasinthe. Kukakwera kokha, ndiye kuti kebulo ya moto ikukokeka penapake, ndipo njingayo isalowe mumsewu kufikira mutakonza. Zimitsani injini, potozani chogwirira cha moto n'kuchisiya: chibwerere chokha msanga, handulo ili pakati, ili kumanja, ili kumanzere. Chizikhalanso ndi kampata ka mamilimita 2 mpaka 6 chisanayambe kukoka kebulo.

Kuyesa komweku n'kofunika kwambiri kwa omwe asintha handulo yonse. Handulo yokwera imapumitsa msana, koma imafuna makebulo otalikirapo. Yodulidwa m'mbali imathandiza kulowerera pakati pa magalimoto, koma imachepetsa mphamvu yowongolera mumchenga kapena mutanyamula thumba la chimanga, ndipo imadyanso malo a maswichi. Liva yothyoka nsonga isinthidwe, chifukwa kampira kakunsonga kaja kanaikidwa kuti chitsulo chisabaye dzanja kapena ntchafu. Zomangira moto ndi labala kuti dzanja lipume pa ulendo wautali ndikukaniza kotheratu. Dzanja likatopa, imani.

Pomaliza, muyese mumsewu

Yambani pabwalo lopanda anthu, masana, opanda wokwera. Yatsani ndi kuzimitsa swichi mukuyenda pang'onopang'ono, maso ali kutsogolo, kenako gwirani mabuleki mwamphamvu kangapo kuti muone ngati pali chokola zala. Usiku imikani njinga moyang'ana khoma n'kuweramitsa magetsi owonjezerawo pansi, chakumanzere pang'ono popeza kwathu kuno timayenda kumanzere. Dalaivala wa minibasi yemwe mwamuthobwa m'maso sangathe kukuonani bwino, choncho muzizimitsa magetsiwa pokumana ndi ena. Othwanima abuluu kapena ofiira asiyireni apolisi ndi ambulansi.

Pakatha sabata, manganinso masikulu onse chifukwa amakhala atamasuka ndi kunjenjemera, ndipo yang'anani pakhosi pa njinga ngati waya wayamba kusupuka. Mvula isanayambe mu November, tsegulani swichiyo, pukutani fumbi, pakani girisi pang'ono pa timapulagi, ndipo onetsetsani kuti pomwe waya amatulukira payang'ana pansi kuti madzi asamatsikire mkati.